Kunyanja tizimwa Kuche Kuche, ndipo tizimwa boti litakocheza

Gulu la ophunzira likamakonza ulendo wa kunyanja pamakhala mikangano iwiri. Woyamba ndi woti ndani sanasonkhe, ndipo umenewu sutenga nthawi. Wachiwiri ndi wa mowa, ndipo umatha masiku. Wina akufuna Savanna, wina Heineken, wina akuti bola Special poti "imagwira msanga", ndipo sipalephera mmodzi wonena kuti tingogula mabotolo awiri a jini nkhani ithe. Amene angatchule Kuche Kuche amasekedwa ngati wapempha thobwa paukwati wa kuhotela. Ine ndine mmodzi wa osekedwawo, ndipo lero ndiyankha mofatsa, popeza pa WhatsApp munthu samaliza chiganizo asanamuponyere tizithunzi tomunyoza.

Maganizo anga ndi awa. Munthu amene watha tsiku lonse pamadzi, padzuwa, akukokedwa ndi boti kapena atangokhala m'botimo, mowa womuyenera ndi wopepuka, wozizira kwambiri, wa m'botolo lobweza kugolosale. Kuno kwathu mowa wotere ndi Kuche Kuche, ndipo Green imabwera pambuyo pake. Komanso botololo litsegulidwe boti litakocheza, injini itazima, mapazi ali pamchenga. Mfundo yachiwiriyi ndi imene imakwiyitsa anthu kwambiri, ndiye ndiisiya ibwere kumapeto.

Kwa amene simunaonepo, wakeboarding ndi masewera oti umaima pa thabwa lalifupi, mapazi onse awiri ali mu nsapato zomangiriridwa pathabwapo, n'kugwira chingwe chochokera kumbuyo kwa boti la injini. Botilo limathamanga makilomita 30 kapena kuposerapo pang'ono pa ola, n'kumasiya mafunde awiri kumbuyo kwake. Akatswiri amadumphira pa mafunde amenewo n'kumatembenuka m'malere. Enafe nkhondo yathu imathera pa kuimirira. Masewerawa anayamba m'zaka za m'ma 1980, pomwe anyamata osewera pa mafunde a nyanja ya mchere ku America ndi ku Australia anayamba kumangirira zingwe ku maboti. Mmodzi mwa iwo, Tony Finn wa ku San Diego, anayamba kugulitsa thabwa lake lotchedwa Skurfer mu 1985. Kuno afika mochedwa, ndipo mumawapeza m'malo ena ogona alendo ku Mangochi ndi ku Cape Maclear.

Ndi masewera a anthu a ndalama, sindikana. M'dziko loti anthu amagona pamzere wa petulo, kuwotcha mafuta kuti munthu mmodzi atsetsereke pamadzi kwa mphindi 15 n'chinthu choti ungachite nacho manyazi pang'ono. Ine ndinachitapo kawiri kokha, ndipo ndalama yake tinachita kusonkherana anthu asanu. Koma musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ana a mabwana okha. Ambirife tinakwerapo boti lopita ku Thumbi kukaona mbuna ndi kukaponyera nkhwazi nsomba, kapena lozungulira chilumba ku Senga Bay, kapena tinathapo tsiku tikusambira ku Nkhata Bay. Dzuwa lake ndi lomwelo, ludzu lake ndi lomwelo, ndipo bokosi la mowa limakhala pomwepo.

Tiyambe ndi thupi, poti ndi limene limalandira mowawo. Tsiku la pamadzi limanamiza. Ukamasewera mpira pabwalo thukuta umaliona, malaya amanyowa, ndipo umadziwa kuti wataya madzi. Panyanja thukuta limatsukidwa nthawi yomweyo, kamphepo ka boti kamakuziziritsa khungu, ndipo umadziona ngati uli bwinobwino. Chonsecho mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Mangochi kumapitirira madigiri 30 tsiku lililonse, dzuwa likukuwotcha kuchokera kumwamba komanso kuchokera pamadzi pomwe likunyezimira. Onjezerani kukoka chingwe mpaka mikono kuuma, ntchafu kunjenjemera, ndi kugwa kangapo, madzi n'kukumenya kumaso ngati khofi la amalume. Pofika 4 koloko thupi limakhala louma, lotopa, m'mimba mulibe kanthu kupatula madzi a m'nyanja amene wameza.

Mowa ukalowa m'thupi lotere umachepetsa homoni yotchedwa vasopressin, imene ntchito yake ndi kuuza impso kuti zisunge madzi. N'chifukwa chake pamowa anthu amapita kuseri pafupipafupi, ndipo n'chifukwa chimodzi cha mutu wa matsire. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Aberdeen, Susan Shirreffs ndi Ronald Maughan, anachititsa anthu masewera olimbitsa thupi pamalo otentha mpaka kutaya madzi ambiri, kenako n'kuwapatsa zakumwa za mphamvu zosiyana: chopanda mowa, cha 1 peresenti, cha 2 ndi cha 4. Anapeza kuti mpaka pa 2 peresenti thupi limabwezeretsa madzi pafupifupi mofanana ndi pamene munthu wamwa chopanda mowa, koma pa 4 kubwezeretsako kumayamba kuchedwa. Kuche Kuche ili pa 3.7. Ndiye nayonso si mankhwala a ludzu, ndipo amene wangotsika m'boti ayambe wamwa lita ya madzi asanakhudze botolo lililonse. Koma ngati 4 akuchedwetsa kale, nanga 6? Nanga jini, amene ali pa 40 kapena kuposa?

Ngakhale ife a Humanities, amene tinathawa masamu titangomaliza Fomu 4, tingathe kuwerengera izi. Botolo la theka la lita la mowa wa 3.7 peresenti muli mamililita 18.5 a mowa weniweni. Kabotolo ka Savanna Dry ka mamililita 330, pa 6 peresenti, muli 19.8. Mowa wake ndi wofanana, mwinanso kakang'onoko n'kopambana. Kusiyana n'koti wa botolo lalikulu wamwanso madzi ambiri ndipo watenga nthawi kuti alimalize, pomwe wa kabotolo kotsekemera wagugudiza ngati Fanta, ludzu silinathe, ndipo dzanja lapita kale pa kachiwiri. Munthu waludzu samwa mowerenga maperesenti, amamwa mpaka kukhosi kutanyowa. Mukampatsa chakumwa champhamvu pa nthawi imeneyo, mwamuledzeretsa dzuwa lisanalowe, ndipo usiku umene mwaulipirira malo ogona authera chagada pamchenga anzake akumuyang'anira.

Apa ndi pamene anyamata ena amayankha kuti Kuche Kuche ndi madzi, ndi mowa wa madala a pabawo, mwamuna weniweni amamwa Special kapena Stout. Ndakhala ndikudzifunsa kuti maganizo amenewa tinawatenga kuti. Ndikuganiza kuti ndi masacheti. M'badwo wathu unali ku pulayimale pamene timapaketi ta mowa wamphamvu tinkagulitsidwa pa benchi iliyonse pamtengo wa switi, boma lisanatiletse mu 2015. Tinakula tikuona achimwene athu akuyeza mowa ndi funso limodzi lokha: ndi ndalama zochepa bwanji ndingagwe nazo? Masacheti anapita, koma muyeso wake unatsala m'mitu. Mpaka lero wophunzira wa chaka chachitatu, woti amatha kukufotokozera Fanon ndi Foucault, akafika pa mowa amaganiza ngati mnyamata wa pa depoti wa 2013. Kwa iye mowa wabwino ndi wogwetsa msanga, ndipo kukoma, kucheza, ngakhale kukumbukira mawa lake zimene zinachitika, ndi zinthu za atsikana.

Ndilibe chifukwa ndi Special. Usiku wa mu Juni ku Zomba kapena ku Mzuzu, kukuzizira, mutadya nsima yokwanira, imakhala bwino, ndipo Stout imaposa pamenepo. Koma mowa uli ngati chovala, umayendera nyengo. Palibe amavala jekete la chikopa pagombe masana kuti aoneke mwamuna. Ndipo chamuna chake n'chiti pamenepa? Amene wamwa zinayi zamphamvu mimba ili pululu n'kuyamba kusanza kuseri kwa bwato la eni ake, asodzi akumuyang'ana, sanaonetse mphamvu ina iliyonse. Wangowonjezera ntchito kwa mtsikana wa m'kalasi mwake amene tsopano akumusakira madzi ndi Panado.

Gulu lina ndi la zithunzi. Awa sasamala kwenikweni za mphamvu kapena kukoma, chachikulu ndi chimene chioneke m'dzanja pa Instagram dzuwa likamalowa kuseri kwa Thumbi. Botolo likhale lochokera kunja, chizindikiro chake chiyang'ane kamera. Kwa iwo mowa wofululidwa ku Blantyre ndi chizindikiro choti sunafike. Chimandiseketsa n'choti fakitale ya ku Blantyre ija, imene inatsegulidwa mu 1968, inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa dziko la Denmark. Asanamange kwina kulikonse padziko lapansi anayamba amanga kuno. Kuyambira 2016 ili m'manja mwa kampani ya ku France ya Castel, koma Green ikadali Green, ndipo agogo athu anaipatsa dzina la mtundu wa pepala lake ife tisanabadwe. Mlendo wochokera ku Ulaya akafika ku Cape Maclear safunsa Heineken, poti kwawo ili paliponse. Amaitanitsa Green kapena Kuche Kuche n'kuijambula mosangalala. Pa tebulo loyandikana nalo pamakhala ife, eni dziko, tikulipira kawiri kapena katatu kuti tioneke ngati iyeyo.

Tikulipiranso chinthu chotopa ndi ulendo. Mowa wa mtundu wa lager sukoma ndi kukhalitsa ngati vinyo, umafuna kumwedwa usanakalambe, ndipo kutentha ndi kuwala ndi adani ake. Botolo lochokera ku South Africa layenda pa thiraki kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, ndi ng'anjo ya ku Tete, laima pa chipata cha Mwanza, lakhala m'nyumba yosungira katundu, kenako lakwera galimoto yanu mpaka kunyanja. Kreti ya Kuche Kuche yangochokera ku Blantyre. Mwa njira, mowa uliwonse, wa kuno kapena wa kunja, musamausiye padzuwa. Kuwala kukalowa m'botolo, makamaka lobiriwira kapena loonekera, kumasintha zowawitsa mowa zija zotchedwa hops n'kutulutsa fungo ngati la kanyimbi. Ponyani thaulo lonyowa pamwamba pa kreti.

Za ndalama zakunja sindinenapo zambiri, poti aliyense amene anali ndi moyo mu Novembala 2023, pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, safunika kuphunzitsidwa. Ndikudziwa kuti mowa wa kuno nawonso umadalira chimera cha balele ndi hops zoitanitsa kunja. Komabe kufulula, kuthira m'mabotolo, kunyamula ndi kutsuka mabotolowo kumachitika kuno, ndi anthu amene amalipidwa kuno. Zimandivuta kumvetsa munthu amene Lachisanu analemba nkhani ya masamba khumi yodzudzula utsamunda watsopano, Loweruka n'kukana kugwira botolo la kwawo poopa kuchepa pa chithunzi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi botolo lenilenilo. Botolo la Green kapena la Kuche Kuche lili ndi mtengo. Wagolosale amaliwerenga, ukapanda kubweza umalipira, ndipo ngakhale utaliiwala pamchenga pali mwana amene alitole n'kukalisinthitsa. Limabwerera ku fakitale, amalitsuka, n'kuthiramonso mowa. Mabotolo ambiri a mowa wa kunja alibe kobwerera. Akatha ndi zinyalala, ndipo kunyanja kulibe galimoto ya khonsolo yodzatenga zinyalala m'mawa uliwonse. Amakwiriridwa mumchenga, amaponyedwa m'madzi kuchokera m'boti, amasweka. Gombe la Cape Maclear si bwalo la masewera la ife alendo a masiku awiri. Ndi mudzi wa Chembe. Pamchenga womwewo amayi amatsukirapo mbale ndi kuchapa, asodzi amayalapo chilimira n'kumasoka, ana amathamangapo opanda nsapato kuyambira m'bandakucha. Madzi ozungulira zilumbazo ali m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zosapezeka kwina kulikonse. Ife timafika Loweruka, Lamulungu tanyamuka. Chigalasi chosweka chimatsala chikudikira phazi la mwana wa eni mudzi, ndipo amene akamunyamule kupita naye kuchipatala si ife.

Wina afunsa za Chibuku, poti ngati nkhani ndi ya mowa wa kwathu, palibe wa kwathu kuposa umenewo. Ndimaulemekeza, ndipo amene amaunyoza ambiri sanaulawepo. Koma Chibuku ndi chakudya. Ndi phala, limakhuta, limapitiriza kuwira lili m'paketi, ndipo m'mimba moti mwagwedezeka tsiku lonse ndi mafunde simulilandira mwaulemu. Lisungireni tsiku lina. Jini wa Malawi Gin wothira toniki, amene alendo amamutama kwambiri, ndi wa munthu amene watha tsiku akuwerenga buku pamthunzi. Ndipo amene samwa mowa asavutike ndi nkhani yonseyi: thobwa lozizira kapena Sobo wothira madzi ambiri amachita zimene thupi likufuna kuposa chilichonse chimene ndatchula pano.

Tsopano mfundo ija ndinaisiya. Ndanena kuti mowa ndi wa pambuyo, boti litakocheza. Pa maulendo ambiri a ophunzira bokosi la mowa ndi limene limayamba kukwera m'boti, anthu n'kumatsatira. Majekete oyandamitsa amakhala pansi pa mpando, ena atang'ambika, ndipo palibe amawafunsa poti amabisa zovala zosambira zimene tagula dala chifukwa cha ulendowu. Botolo loyamba limatsegulidwa injini isanalire.

Taganizani mmene wakeboarding imayendera. Pamafunika anthu atatu: woyendetsa boti, wokokedwa, ndi wina wokhala chakumbuyo amene ntchito yake ndi kuyang'ana wokokedwayo basi. Wokokedwa akagwa, boti limakhala litapita kale patali, ndipo chimene chimaoneka pamadzi ndi mutu wokha, kakang'ono ngati dzungu, pakati pa mafunde. Woyang'anayo afuule msanga. Woyendetsa atembenuke, ayandikire pang'onopang'ono, asamutaye m'maso, ndipo azimitse injini munthuyo asanafike pafupi ndi chopalasa madzi cha injini, chimene chimadula mnofu ngati chikwanje. Pamadzi pomwepo pali mabwato a asodzi, maukonde, ana akusambira, ndi alendo amene aviika nkhope m'madzi kuonera nsomba ndipo sakumva chilichonse. Boti lilibe mabuleki. Tandiuzani, mwa anthu atatuwa ndani amene mungakonde kuti akhale atamwa ziwiri?

A United States Coast Guard, amene amasunga ziwerengero za ngozi za maboti chaka ndi chaka, akhala akunena mobwerezabwereza kuti mowa ndiwo chifukwa chachikulu chodziwika pa ngozi zimene zimapha anthu, komanso kuti ambiri mwa omira amakhala asanavale jekete loyandamitsa. Kumeneko n'kumene kuli apolisi a pamadzi, maboti opulumutsa anthu ndi ma ambulansi. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo. Ambirife kusambira tinaphunzirira pa damu kapena pa mtsinje wofika m'chiuno, enanso sitidziwa n'komwe. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Mwera ukayamba, makamaka miyezi yozizira, madzi amene m'mawa anali ngati galasi amasanduka mapiri. Mu 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inagubuduzika ndi mphepo chakumpoto n'kumira ndi anthu 145. Asodzi amene anabadwira pagombe amayang'ana kumwamba asanakankhe bwato. Ife timayang'ana ngati ayezi akwanira.

Pali chinanso chimene ambiri sadziwa. Chimene chimatiuza kuti kumwamba ndi uku, pansi ndi uku, chili mkati mwa khutu, timachubu tokhala ndi madzi. Mowa ukalowa m'magazi umafika m'menemo n'kusokoneza kulemera kwa tizigawo take, n'chifukwa chake woledzera akagona amaona denga likuzungulira. Pamtunda zimenezi zimathera pa kudzandira ndi kusekedwa. M'madzi, utagwa mwadzidzidzi, maso osaona bwino, thupi likhoza kukuuza kuti ukusambira kupita kumwamba chonsecho ukupita pansi. Kuonjezera apo, tsiku la dzuwa, phokoso la injini ndi kugwedezeka kwa boti zimatopetsa ubongo paokha, moti botolo limodzi pamadzi limagwira kuposa limodzi pa bala.

Koma khalidwe limene ndimadana nalo kuposa onse ndi lopatsa mowa woyendetsa boti. Timalichita ngati chifundo. "Achimwene, tengani imodzi, musamangotionerera." Iye akayankha kuti "ayi bwana, ndili pantchito", timaumirira, timamuseka, wina mpaka kumutsegulira n'kumuika m'dzanja. Taganizani mbali yake. Ndi mnyamata wa msinkhu wathu womwewu, boti si lake, malipiro ake ndi ochepa, ndipo akuyembekeza kangachepe kamene timupatse pomaliza. Kukana kasitomala amene akusangalala n'kovuta. Ena mwa anyamatawa, makamaka cha ku Mangochi, ndi Asilamu ndipo samwa n'komwe, koma ife sitifunsa. Tikamukakamiza timakhala tikugula chisangalalo chathu ndi ntchito yake. Boti likagunda bwato kapena munthu, ife tikwera basi kubwerera ku kampasi n'kukalemba mayeso. Iye ndi amene akagone ku polisi, ndipo ndi amene azikumana tsiku ndi tsiku ndi abale a wovulalayo pamsika wa mudzi womwewo. Ngati mukufuna kumuthokoza, mpatseni ndalama m'manja mutatsika. Akafuna mowa akagula yekha, akafuna ufa akagula ufa.

Ndamvapo yankho loti ndikuchotsa kukoma kwa ulendo, kuti kukwera boti popanda botolo m'dzanja kuli ngati ukwati wopanda nyimbo. Ulendo wa boti umatenga maola awiri kapena atatu. Ngati munthu wa zaka 22 sangathe kukhala maola atatu pakati pa nyanja yokongola chonchi, nkhwazi zikutsika kudzatola nsomba pamaso pake, popanda mowa, vuto lake si ludzu, ndipo anzake ayenera kumufunsa bwinobwino. Enanso amati azungu amamwa m'maboti, timaona m'mafilimu. Amamwadi, ndipo n'chifukwa chake a Coast Guard aja ali ndi ziwerengero zoti azilemba.

"Pambuyo" ameneyu ali ndi mchira wake. Mukayamba kumwa, za m'madzi zatha tsiku limenelo. Kusambira kwa pakati pa usiku, kumene kumayamba ndi mmodzi wofuula kuti "tiyeni tonse", n'kumene mabanja ambiri analandirira foni m'mawa. Usiku palibe angakuone ukamira, ndipo m'madera ena a Mangochi ndi nthawi imene mvuu zimatuluka, osanenanso za ng'ona. Ndiye pali Lamulungu. Chiwindi chimachotsa mowa pa liwiro lake, pafupifupi botolo limodzi laling'ono pa ola, ndipo khofi, kusamba kapena chipisi cha mafuta sizichifulumizitsa. Amene wamwa jini mpaka 3 koloko m'mawa, 8 koloko akadali woledzera, ngakhale atasamba n'kuvala magalasi akuda. Ameneyo ndi amene timamupatsa makiyi kuti atikweze mapiri okhotakhota a Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, kapena atidutsitse msewu wa Mangochi kupita ku Liwonde, wodzaza njinga za kabaza, mbuzi ndi ana. Apanso mowa wopepuka ukupambana: amene wamwa Kuche Kuche ziwiri kapena zitatu ndi chakudya n'kugona 10 koloko amadzuka ali munthu.

Kwatsala kukoma, poti ena anena kuti zonsezi zamveka koma Kuche Kuche siikoma. Zimatengera kumene munailawira. Yofunda, m'chipinda cha ku hostelo, ndi yosasangalatsa, ndikuvomera. Mowa wopepuka ulibe pobisala, ukafunda watha. Koma ipezeni itazizira mpaka botolo kuchita thukuta, inu mutamwa kale madzi, mutatsuka mchenga, khungu likuwawa ndi dzuwa. Pambali pakhale chambo chowotcha pamakala chothira mchere ndi ndimu, kapena usipa wokazinga wouma bwino, kapena kampango ndi nsima ngati thumba likulola. Mchere umenewo thupi likuufuna, poti unatuluka ndi thukuta. Pamenepo mowa wowawa kwambiri kapena wotsekemera umaphimba nsomba. Wopepuka umangotsuka mkamwa n'kukusiya ubwerere ku mbale. Green imachitanso chimodzimodzi, ili ndi kakuwawa kochulukirapo pang'ono, ndipo amene aisankha sindikangana naye, bola adziwe kuti ndi yamphamvu kuposa inzakeyo.

Chokha chimene ndimatsutsana nacho pa Kuche Kuche ndi dzina. Limalonjeza kumwa mpaka kuche, ndipo mwina pa chinkhoswe kapena pa dansi ya kumudzi zimatheka. Koma munthu amene wakokedwadi ndi boti masana, mikono imakhala italemera moti botolo lachitatu amalinyamula ndi manja awiri. Pofika 9 koloko, nyali za asodzi a usipa zitayamba kundandalika pakati pa nyanja ngati tauni, ambiri amakhala akusinza pampando, ndipo m'kreti mumatsala mabotolo asanu ndi limodzi osatsegula oti mukabweze kwa wagolosale m'mawa n'kuonjezera pa ndalama ya mafuta.